Chilembo Chimene Ndinakonza ndi Msomali

Amuna anga ankaimba gitala ya magetsi, nyimbo zimene anthu ankazitcha za roko. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zokhazo zimene anthu a kuboma la Mangochi ankadziwa za iwo. Ukanawafunsa kuti munthuyu ankagona pati, ankadya chiyani, anadwala miyezi ingati, akanayang'ana kumwamba. Koma ukangotchula gitala, aliyense anali m'bale wawo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Zilembo ndinaziphunzira pamishoni kwathu, kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Mozambiki, zaka ziwiri zokha. Kulemba kwenikweni ndaphunzira nditakula kale. Ndiye ndilemba monga ndimalankhulira.

Tinalowa m'dziko muno pa Chiponde, nkhondo ya kwathu itafika poti munthu sungagone m'nyumba mwako. Ine ndinabereka mwana wathu wamkazi, pamutu ndinasenza mphika ndi bulangete. Amuna anga anasenza gitala ataikulunga m'mphasa. Anthu panjira ankatipatukira, ena kuvula zipewa, poganiza kuti m'mphasamo muli maliro. Ndinawakalipira njira yonse. Ndinati munthu wanzeru akananyamula khasu.

Iwo anangoti, "Khasu tikabwereka. Nanga iyi angatibwereke ndani?"

Tinakhazikika m'mudzi wina kufupi ndi Namwera. Banja lina lachisilamu linatipatsa malo kuseri kwa munda wawo wa fodya, ndipo tinamangapo kanyumba. Ife tinali a Anglikani. Iwo ankaswali, ife tinkapita kutchalitchi, mchere tinkapemphana bwinobwino.

Gitalayo amuna anga anaiphunzira ku Lichinga ali mnyamata, akugwira ntchito pagalaja ya Mpwitikizi wina amene pochoka anasiya gitala ndi mbale za nyimbo. Inali yofiira, yolemera, ndipo popanda magetsi inkangolira ngati udzudzu. Kumudzi kunalibe magetsi. Anapeza batire la galimoto lotha ntchito, anachotsa zam'kati mwa wailesi yakufa, sipika anaika pakamwa pa mtsuko wanga wa madzi kuti mawu azituluka okhuthala. Waya ukaduka ankamasula chingwe cha mabuleki a njinga n'kutengamo kawaya kamodzi. Mtsukowo sanandibwezere mpaka imfa yawo.

Chakudya tinkalandira pa masiku oikika, pabwalo lina lopanda mtengo. Ankatipatsa ufa, nandolo, mafuta pang'ono ndi mchere. Aliyense ankabwera ndi khadi lake n'kuima pamzere. Ife a kwathu mzere wotere sitinkautcha mzere. Tinkati bicha. Ndi mawu a Chipwitikizi cha kwathu, ndipo tinabwera nawo chifukwa kwathuko tinaimanso zaka zambiri pa bicha ya sopo, bicha ya shuga, bicha ya nsalu. Mwana wa kwathu ankadziwa mawu amenewa asanadziwe kuwerenga zala zake.

Kumapeto kwa mzerewo kunali tebulo, ndipo patebulopo pankakhala kalaliki. Anali munthu wa konkuno, wa shati yoyera, mabolopeni atatu m'thumba. Ntchito yake inali kuyang'ana khadi n'kuchonga m'buku. Nkhope zathu sankaziona. Ankaona manja ndi makhadi.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la mwezi wa Okutobala. Mwana anali ndi zaka ziwiri, ndipo anali atatsegula m'mimba masiku atatu. Bambo ake anali kuganyu yothirira nazale ya fodya kudimba. Tsiku lolandira likakudutsa unkadikira ulendo wina, ndipo m'nyumba munalibe ufa. Ndinati ndikalandire kaye, kenako ndithamangire kuchipatala. Ndinafika mthunzi wanga udakali wautali, koma ndinapeza anthu ambiri atandiyambira.

Dzuwa litafika paliwombo, patsogolo panga panatsala anthu owerengeka pa dzanja limodzi. Pamenepo kalaliki anatseka buku.

Mayi amene anali kumbuyo kwanga anati, "Bwana, mwana wa mnzathuyu wadwalika. Muthandizeni yekhayu apite kuchipatala."

Kalalikiyo akuika bolopeni m'thumba anati, "Aliyense pano ali ndi mwana. Ino ndi nthawi ya nkhomaliro." Ndipo anapita.

Mwana akamwalira kumsana, mayi umadziwa. Timiyendo timasiya kukugunda m'nthiti, ndipo amalemera mwa mtundu wina. Ndinadziwa, koma nsalu sindinamasule. Pa bicha sindinachoke. Ndinaganiza kuti pamaliro pafunika ufa. Ndinkangomusisita kumbuyoko n'kumanena motsitsa kuti, dzuka mwanawe, tatsala pang'ono. Kalaliki anabwera mthunzi wa tebulo utatembenukira kum'mawa. Ndinapereka khadi, anachonga, ndinalandira ufa wa anthu atatu.

Amuna anga sanalire pamaliro, ndipo anthu anawanena. Patatha masabata angapo anandifunsa zonse, mmene zinayendera, mawu amene ndinkanena. Ndinawauza kamodzi kokha. Kuyambira tsiku limenelo ankakhala kuseri kwa nyumba ndi gitala popanda batire, ikulira ngati udzudzu uja, mpaka nyimbo inatuluka. Mawu ake anali ochepa.

Ndaima pa bicha kuyambira m'mawa,
dzuwa landiwotcha, sindichoka.
Dzuka mwanawe, tatsala pang'ono.

Kwinako kunali kwa gitala. Nyimbo zawo zina gitala inkalira ngati nkhumba yomangidwa panjinga, ndipo ine sindinkazikonda. Koma mu iyi inkalira ngati munthu amene akufuna kukuwa koma wina wamugwira pakamwa.

Nthawi imeneyo amuna anga anali atayamba kutsikira kuboma Loweruka lililonse. Ankakwera matola, kutsika phiri lija la makona, n'kukaimba masana pa bala ina kufupi ndi mlatho. Kumeneko kunali magetsi enieni, ndipo anapeza anyamata awiri, wa ng'oma ndi wa gitala ya besi. Malipiro ake ambiri anali mowa ndi kuwomba m'manja. Pobwera ankanyamula kausipa m'pepala, mwina osanyamula kanthu.

Ine ndinapitako kamodzi. Tinali titapita kuchipatala cha kuboma chifukwa cha chifuwa chimene anayamba nacho, ndipo anati ndidikire amalize kuimba tibwerere limodzi. Ndinaima pakhomo. Atayamba nyimbo ija, anthu onse anadzuka m'mipando ngati alumidwa ndi linthumbu. Amuna anagwira akazi m'chiuno. Pofika pa mawu akuti tatsala pang'ono, ankakuwa onse pamodzi, akutsinzinirana maso n'kumaseka kuseka kuja kwa amuna akakumbukira zakuchipinda. Patsogolo penipeni, shati atamasula mabatani mpaka pamchombo, panali kalaliki uja. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pamene anthu anaimika njinga.

Pa matola pobwerera ndinawafunsa kuti, "Kodi anthu aja akuseka chiyani?"

"Akumva bichi," anatero. "Kumchenga kuja kunyanja, kumene amapita ndi atsikana Lamlungu. Akuti ndikudzutsa chibwenzi chimene chagona pamchenga."

"Ndiye bwanji simukuwauza?"

"Ndikawauza avina chiyani? Asiye. Ine ndikamaimba ndimadziwa amene ndikumudzutsa."

Ndinakwiya nawo masiku ambiri. Lero mkwiyo umenewo unatha, koma wa anthu aja sunathe.

Chifuwa chija sichinawasiye. Anawonda mpaka lamba wa gitala ankawapweteka paphewa. Anasiya kutsikira kuboma, ndipo anagona dzinja lonse ndi miyezi ina pamwamba. M'miyezi yonseyo, mwa anthu amene ankadzuka m'mipando aja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera phiri kudzawaona. Tinangomva kuti pa bala paja agula wailesi yaikulu ndipo anthu akuvinabe. Amene ankandithandiza kuwatembenuza pamphasa ndi mayi wa nyumba imene inatipatsa malo. Amene anakumba manda ndi amuna a kwathu pamodzi ndi Asilamu a m'mudzimo, omwe aja ankati nyimbo za amuna anga ndi phokoso loingitsira anyani. Tinawaika pambali pa mwana, pakona ya manda imene eni mudzi anapatsa ife alendo. Gitala anaitenga mng'ono wawo, monga mwa mwambo.

Chaka chitatha, nkhondo kwathu inaleka, ndipo malole anayamba kubwera kudzatenga anthu obwerera. Nyumba za anzathu zinkatsala zopanda zitseko. Ine ndinakana kukwera. Ndinati anthu anga awiri ali pano, ndikasaka chiyani kumeneko? Koma manda a alendo sachedwa kutayika. Eni ake akapita, mitumbira imatitimira, udzu umamera, mbuzi zimadutsa. Ndinaona manda a anthu amene ndinkawadziwa akusanduka tchire m'dzinja limodzi. Ndinaika miyala kuzungulira anga, koma ndinkadziwa kuti ine ndikadzagona, miyalayo wina adzaitola kukaikira mafuwa. Ndinkafuna chiliza cha simenti. Simenti ndikanaitenga kuti?

Pa nthawi yomweyo kuboma kunatuluka kaseti. Munthu wina anajambula amuna anga akuimba pa bala paja, mawu a mabotolo ndi a zidakwa ali momwemo, ndipo anthu anayamba kukoperana. Inkamveka m'magolosale, m'matola, mpaka pamsika wa Namwera. Ndinkapita kukagula mchere n'kumva mawu anga omwe, amene ndinauza mwana wakufa, akutuluka m'wailesi ya wogulitsa kaunjika, iye akugwedeza chiuno.

Ndiye Lamlungu lina, nditangobwera kutchalitchi, panaima galimoto. Munatsika amuna atatu. Wina anali mphunzitsi wa kusekondale, wa magalasi. Wina ankagwira ntchito pa hotela ina ya kunyanja, ndipo anavala jekete ya jinzi dzuwa likuswa mtengo. Wachitatu anali kalaliki. Ankadzitcha masapota a malemu, ndipo kalalikiyo ndiye anali tcheyamani wawo.

"Alamu, pepani tachedwa kudzapepesa," anatero kalalikiyo.

Ulamu umenewu sindikudziwa unachokera kuti. Anandiyang'ana bwinobwino kumaso, koyamba m'moyo wake, ndipo sanandidziwe. Ndinawayalira mphasa.

Anakhala pansi n'kuyamba kukumbukira amuna anga pamaso panga, ngati ine ndi mlendo amene wafika kumene.

"Ine ndinamuona akuimba ndi mano," anatero wa kuhotela. "Ndi mano, alamu. Azungu awiri anaimirira pamipando."

"Iwe unaona liti, unali kutsuka matambula," anatero mphunzitsi. "Mverani ine. Roko ya dziko lino ili ndi nthawi ziwiri. Asanabwere iyeyu, ndi atabwera iyeyu. Nkhani ndi imeneyo."

"Matambula ndimatsuka ndi manja, achimwene, maso amakhala pa ulova."

"Ndiye unaona kuti anaimbapo ku Joni?"

"Si ku Joni kokha. Mpaka ku Ulaya. Gitala ija anapatsidwa ndi mzungu wa bandi yaikulu, atamugonjetsa pa mpikisano."

Amuna anga sanapitirirepo Lichinga ndi Mangochi. Za manozo ndi zoona kuti ankaluma waya, chifukwa ukaduka analibe pulayala yodulira watsopano. Mano awiri akutsogolo anabenthuka chifukwa cha chingwe cha mabuleki a njinga. Sindinawauze. Ndinaona kuti munthu amene akumunenayo si amene ndinkamuchapira malaya.

Kalaliki anawasiya akangane, kenako anagwira pachifuwa. "Inu nonse munkamuonera patali. Ine ankandikonda. Ndikangolowa pakhomo, kaya ali pakati pa nyimbo ina, ankaisiya n'kuyamba ija ya pa bichi. Ndipo ankaimba akundiyang'ana m'maso, ine ndekha, mpaka kumapeto. Tsitsi linkandinyerenyetsa."

Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, izi zokha ndinazikhulupirira.

"Koma anthu ndi oipa," anatero wa kuhotela, atatsitsa mawu. "Ife tikudziwa kuti anachita kumulodza. Nsanje ya mabandi enawa."

"Anafa ndi chifuwa," ndinatero ine. "Pamphasa imene mwakhalapoyo."

Anasuntha onse atatu, aliyense kukhalira m'mphepete.

Kenako ananena chimene anabwerera. Masapota anagwirizana kumanga chiliza, kuti munthu wamkulu chonchi asagone ngati wosadziwika. Ndinakondwa, sindibisa. Ndinati ngati ndi choncho, chilizacho chikhale chachikulu, chiphimbenso kamtumbira kali pambali.

"Kamtumbira ka ndani?" anafunsa mphunzitsi.

"Ka mwana wathu."

"Kani anali ndi mwana?" anatero, akuyang'ana anzake. Kalaliki anati palibe vuto, awonjezera simenti.

Mphunzitsi anatulutsa pepala limene analembapo mawu okalemba pachilizacho. Ndinamupempha awerenge mokweza. Anakonza magalasi n'kuwerenga dzina la amuna anga, kenako mawu akuti, Tidzakumana pa bichi.

Ndinati, "Mawuwo si amenewo. Ankati bicha."

Anaseka onse, kuseka kwaulemu, kumene anthu ophunzira amasekera munthu wa kumudzi.

"Tikudziwa, alamu," anatero mphunzitsi. "Ankatchula choncho chifukwa cha lilime la Chipwitikizi. Ngakhale inu mukamalankhula zimamveka. Koma polemba timalemba zolondola. Ndi mawu a Chingerezi amenewa."

"Si Chingerezi."

"Za zilembo tisiyireni ife," anatero kalaliki. "Inu mungotikonzera madzi tsiku lomanga."

Ndikanatha kuwauza zonse pomwepo. Koma ndinaona mmene zikanathera. Akanachita manyazi, manyazi akanasanduka mkwiyo, akanakwera galimoto yawo, ndipo simenti ikanapita nawo. Mwana wanga akanatsala pansi pa udzu. Komanso sindikanalola kuti pamwamba pa mwana ameneyo palembedwe za mchenga umene amuna amagonekapo zibwenzi. Masabata awiri ndinayenda ndi zinthu ziwirizi m'mutu, kumunda, kuchitsime, osaona potulukira.

Tsiku lomanga linafika. Akuluakulu a mudzi atalola kuti anthu alowe kumanda, kunabwera mmisiri ndi njerwa, ndipo masapota atatu aja anaima pamthunzi n'kumaloza ndi zala. Kumanda akazi sitilowa wamba, koma tsiku lotere madzi amatunga ndi akazi, ndipo mkazi wamasiye saletsedwa kufika nawo pafupi. Ndinatunga ndowa zambiri. Mmisiri anamanga, anapaka simenti pamwamba, anasalaza. Isanaume anatenga msomali wa sikisi inchi n'kuyamba kulemba zilembo zazikuluzikulu, mphunzitsi akumuwerengera chimodzichimodzi. Ine ndinaima ndi ndowa n'kumayang'ana. Zilembo zambiri zinkandisokoneza nthawi imeneyo, koma I ndinkamudziwa chifukwa ndi mtengo woima wokha, ndipo A ndinkamudziwa chifukwa ndi denga la nyumba lokhala ndi mtanda. Ndinaona kuti mawu otsiriza athera pa mtengo woima.

Dzuwa linafika paliwombo. Kalaliki anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Amuna inu, nthawi ya nkhomaliro." Munthu ameneyu nthawi ya nkhomaliro sankaiphonya.

Mmisiri anati akabwera adzavundikira ndi masaka onyowa kuti simenti isang'aluke, ndipo ine ndizithira madzi pamasakapo masiku onse mpaka tsiku lovundukula. Anasiya msomali panjerwa. Onse anapita kumudzi.

Ndinagwada pambali. Simenti inali itayamba kulimba ngati nsima ya dzulo. Ndinaika msomali pamutu pa mtengo uja n'kukoka mzere wopendekera kumanja. Mzere unakhota. Ndinadutsitsa kamtanda pakati. Linatuluka denga lopendama ngati la nyumba yosiyidwa, koma linali denga. Ndinanyowetsa masaka, ndinavundikira ndekha, m'mbali ndinatsindira ndi miyala. Mmisiri atabwera anandiyamikira kuti ndine mayi wodziwa ntchito.

Tsiku lovundukula kunabwera anthu ambiri. A kuboma anadzaza magalimoto awiri, ena atavala magalasi akuda, ena atamanga nsalu m'mutu monga ankamangira amuna anga. Amuna angawo ankamanga chifukwa cha thukuta. Anabweretsa wailesi ya mabatire. A kwathu amene tinali tisanabwerere tinali ochepa, ambiri akazi, ndipo tinakhala pansi kumbuyo. Pakati pawo panali mayi uja amene anaima kumbuyo kwanga tsiku lija. Ansembe anapemphera. Mphunzitsi analankhula nthawi yaitali za nthawi ziwiri za roko. Wa kuhotela ananenanso za mano, ndipo azungu oimirira pamipando anali atakwana asanu. Mtsikana wina amene sindinamuonepo analira mpaka anthu anachita kumugwira kuti asagwe.

Kenako kalaliki anachotsa nsalu yoyera imene anayala pamwamba pa masaka, n'kuchotsanso masakawo. Anayamba kuwerenga mokweza, ndipo pa mawu otsiriza anaima.

"Amisiri," anatero, "ichi n'chiyani?"

Mmisiri anayandikira. "Ine ndinalemba zimene munandiuza. Aphunzitsiwa ndi mboni."

"Ndiye chalemba ndi chiswe?"

Anthu anayamba kuseka. Wina kumbuyo anati ukalemba ntchito mmisiri wa kumudzi zotsatira zake ndi zimenezi. Mmisiri analumbira, kutchula mayi ake. Ndinaona kuti munthu wosalakwa akunyozeka, ndipo ndinaimirira.

"Musamunamizire. Ndinalemba ndine."

Kalaliki anayesa kumwetulira. "Alamu, tinakambirana kale nkhani imeneyi. Mwawononga ntchito ya anthu."

"Akalaliki," ndinatero, "ndikufunseni. Munakhala patebulo paja zaka zingati?"

"Tebulo liti?"

"Logawira ufa."

Anandiyang'ana tsopano mwa mtundu wina. "Zaka zingapo. Nanga zikukhudzana bwanji?"

"Mzere umene unkaima patsogolo panu, eni ake tinkautcha chiyani?"

Sanadziwe. Zaka zonsezo mawu amenewa ankanenedwa patsogolo pa mphuno yake, m'mawa mpaka madzulo, ndi anthu mazana, ndipo sanawamve ndi tsiku limodzi. Anayang'ana mphunzitsi. Mphunzitsi anayang'ana nsapato.

Anayankha ndi akazi a kwathu, ali chikhalire pansi, osakweza mawu. "Bicha."

Ndiye ndinawauza. Sindinalire, sindinakuwe. Ndinanena za mwezi wa Okutobala, za buku lotsekedwa, za timiyendo tosiya kugunda. Ndinati mwanawe amene mumamudzutsa mukamavina uja ali pansi apa, kumanzereku, ndipo anali ndi zaka ziwiri. Ndinati mawu aja si a amuna anga, ndi anga, iwo anangowaika pawaya. Mayi uja anati, "Ndinalipo ine. Ndine ndinapempha."

Kalaliki anatulutsa kansalu n'kupukuta khosi. "Amayi," anatero, ulamu utatha, "anthu anali ambiri. Ine sindikukumbuka."

"Ndikudziwa. Simunadzutse mutu."

Mphunzitsi anafuna kukonza zinthu. Anati, "Chimene tiyenera kumvetsa n'chakuti nyimbo ikatuluka pakamwa pa woimba imakhala ya anthu onse. Aliyense amamva monga mtima wake wafunira. Ukulu wa malemu wagona pamenepo."

"Nyimbo tengani," ndinatero. "Manda ndi anga."

Wa kuhotela anafunsa mmisiri ngati n'zotheka kumata kasimenti pang'ono n'kulembanso. Mmisiriyo anali adakali wokwiya ndi kusekedwa kuja. Anati simenti yauma, ndipo iye salemba kawiri pamanda a munthu, amene akufuna agwire yekha. Panalibe amene anafuna. Ansembe anayambitsa nyimbo ya m'buku, ndipo tinatuluka m'manda.

Mwina wina angaganize kuti anthu aja anachoka osadya chifukwa cha manyazi. Anadya. Mpunga umene akazi a m'mudzi anaphika unatha wonse, ndipo wa kuhotela anafunsa ngati yatsala nyama. Kalaliki yekha anadya msanga n'kukakhala m'galimoto. Magalimoto akunyamuka, wina anatsegula wailesi. Ndinamva gitala ija ikutsika nawo msewu, ndipo asanafike pakona, ena anali atayamba kale kuimba za bichi.

Kalalikiyo ndinakumana naye kawiri pambuyo pake pamsika wa Namwera. Ulendo woyamba analowa msanga mugolosale. Wachiwiri anandipatsa moni ali patali, dzanja lili pachifuwa, ndipo ndinamuyankha monga ndimayankhira aliyense. Ndinamva kuti utcheyamani sanausiye. Chaka chilichonse masapota ankakumana kumchenga kunyanja kukumbukira malemu, ndipo ine sanandiitanenso. Sindinadandaule.

Chiliza chilipo. Chinang'aluka pang'ono pakona, koma mbuzi zimachizungulira, ndipo manda onse a alendo amene anali pafupi anatayika kupatula amenewa. Nthawi zina kumabwera achinyamata a kutauni amene anamva kaseti ija kwa makolo awo, n'kupempha kuti ndiwaperekeze. Amajambula zithunzi. Pafupifupi ulendo uliwonse pamapezeka mmodzi wophunzira amene amaloza chilembo chokhota chija n'kuuza anzake kuti mmisiri analakwitsa. Akandifunsa ndimawauza. Akapanda kufunsa ndimangozula udzu.

Mawuwo tsopano ndimawawerenga ndekha, chilembo ndi chilembo, ndipo ndimaona kuti anena zoona. Mwana anafika patebulo poyamba, bambo ake anatsatira. Ine ndidakaima, khadi lili m'manja, ndipo patsogolo panga anthu atsala ochepa.